Ku Bwalo la Milandu Mlandu Umaola

Ngozi ya pamsewu ikachitika m'dziko muno anthu sathaŵa. Amayi ogulitsa mbatata m'mbali mwa msewu amasiya madengu awo, apanjinga amatsika, ndipo pasanathe mphindi zisanu wovulala amakhala ali m'manja mwa anthu anayi kapena asanu, wina atagwira mikono, wina miyendo, mutu ukulendeŵera, akuthamangira naye ku galimoto iriyonse imene yaima. Chifundo chotere nchosiririka. Komatu pali kuvulala kwina kumene chifundo chopanda chidziŵitso chimakukulitsa. Munthu wothyoka fupa la khosi kapena la msana angathe kumagwedezabe zala za kumapazi pamene ali gone pansi, nkukafika kuchipatala miyendo itafa, kaamba ka mmene anamunyamulira.

Msana wa munthu uli ndi timafupa 33 tosanjikizana: 7 m'khosi, 12 kumbuyo kwa chifuŵa, 5 m'chiuno, ndipo totsalato tiri kumunsi, tomatirirana. Pakati pa timafupati pali mphako, ndipo m'mphakomo mumadutsa mtsempha waukulu wofeŵa, wonenepa ngati chala chaching'ono cha kudzanja. Mtsempha umenewu ndiwo umatenga malamulo a ubongo kupita nawo ku ziŵalo, ndi kubweretsa ku ubongo zonse zimene khungu lamva. Fupa likathyoka limalumikizana, koma mtsemphawu ukaduka kapena ukaphwanyika kotheratu, madokotala alibe njira youlumikizira kufikira lero. Zonse za kumunsi kwa balalo zimaleka kumvera. Bala la kumbuyo kwa chifuŵa kapena la m'chiuno limapha miyendo. La m'khosi limapha mikono ndi miyendo yomwe, ndipo likakhala pamwamba kwambiri munthu sapuma popanda makina. Palinso china chimene anthu sakonda kuchitchula pagulu, ndicho chakuti chikhodzodzo ndi matumbo nazo zimaleka kumvera mwini wake. M'chaka cha 2013 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaŵerengera kuti anthu apakati pa 250,000 ndi 500,000 amavulala motere chaka chirichonse, ambiri a iwo pa ngozi za pamsewu, pa kugwa ndi pa ziwawa.

Motero wovulala amene akudandaula za khosi kapena msana, kapena amene akuti sakumva miyendo yake, sayenera kudzutsidwa kapena kupindidwa. Ngati palibe moto kapena choopsa china, asiyidwe monga wagoneramo, munthu mmodzi atagwira mutu kuti usatembenuke, kufikira patapezeka thabwa kapena chitseko; ndipo pomuika pamenepo, mutu, khosi ndi thupi ziyende pamodzi monga chipika chimodzi. Phunziro limeneli mphunzitsi angathe kulitsiriza m'theka la ola, ndi chitseko cha kalasi lomwelo.

Kale munthu wovulala msana sankakhalitsa. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, dokotala wa ku America, Harvey Cushing, anaona kuti mwa asilikali 100 alionse ovulala motere, pafupifupi 80 ankamwalira m'milungu yoŵerengeka. Chinkaŵapha kwambiri ndi matenda a m'chikhodzodzo ndi zilonda zobwera chifukwa cha kugonera mbali imodzi. Amene anasintha zinthu ndi Ludwig Guttmann, dokotala Wachiyuda amene anathaŵa ku Germany m'chaka cha 1939. Mu 1944 boma la Britain linampatsa chipinda cha odwala msana pa chipatala cha Stoke Mandeville, ndipo iye analamula kuti wodwala aliyense azitembenuzidwa maola aŵiri alionse, usiku ndi usana, kuti mkodzo uzitulutsidwa mwaukhondo, ndi kuti pasapezeke munthu wongogona kudikira imfa. Pa 29 July 1948 anthu 16 opuwala anapikisana kuponya mivi pabwalo la chipatalacho, ndipo mpikisano waung'ono umenewo ndiwo unabala maseŵera a Paralympics, amene anachitika koyamba ku Rome mu 1960. Kuno, malo a Kachere ku Blantyre akhala akuphunzitsa ovulala msana kudzisamala ndi kuyenda pa njinga ya olumala, ndipo mu 2023 kunatsegulidwa chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION ku Lilongwe.

Tsono popeza kuti wovulala angathe kukhala ndi moyo zaka makumi angapo, funso la ndalama limakula. Njinga ya olumala imatha msanga pa njira za miyala ndi matope. Pafunika katsamiro wabwino ndi matiresi oletsa zilonda, timapaipi totulutsira mkodzo, sopo, mankhwala, ndi ndalama za ulendo wa kuchipatala. Khomo la nyumba liyenera kukulitsidwa ndipo chimbudzi chiyenera kumangidwanso. Koposa zonse pafunika munthu womutembenuza, womusambitsa ndi womunyamula, ndipo munthu ameneyo kaŵirikaŵiri amakhala mkazi wake amene wasiya munda, kapena mwana wamkazi amene wasiya sukulu. Aphunzitsi amaŵadziŵa ana otere; dzina limangozimirira m'kaundula pakati pa chaka, popanda wofotokoza chifukwa.

Lamulo silinena kuti zonsezi ndi tsoka chabe. Mu 1932 bwalo lalikulu koposa la ku Britain linagamula mlandu wa mayi wina wa ku Scotland, May Donoghue, amene ananena kuti anadwala atamwa chakumwa cha m'botolo mmene munali nkhono yoola, mu mzinda wa Paisley. Woweruza Lord Atkin anaika mfundo yakuti munthu aliyense ali ndi udindo wosamala kuti asavulaze anthu amene angathe kuganizira kuti zochita zake ziŵakhudza. Mabwalo a m'Malaŵi amatsata mfundo imeneyi. Dalaivala wothamangitsa minibasi pa malo okhota, mwini lole wosiya mabuleki otha, kontirakitala wokweza anyamata pa nsanja yogwedera, onseŵa angathe kusumiridwa. Wodandaula ayenera kuonetsa kuti womuvulazayo anali ndi udindo wosamala, kuti sanasamale, ndi kuti kusasamalako ndiko kunabweretsa kuvulala. Akaonetsa zimenezi, bwalo limaŵerengera chipukuta misozi cha ululu umene wamva, cha zokoma za moyo zimene sadzazionanso, cha malipiro amene akadalandira pa ntchito, ndi cha ndalama zimene waononga. Gawo lotsirizali bwalo limafuna umboni wake, ndipo umboniwo ndi malisiti. Tikiti ya basi yotayidwa ndi ndalama yotayidwa.

Bwalo limayang'ananso mbali ya wovulalayo. Mu 1975, pa mlandu wa Froom ndi Butcher ku England, Lord Denning anagamula kuti munthu amene sanamange lamba m'galimoto achotseredwe 25 pa 100 iriyonse ngati lambayo akanamuteteza kotheratu, kapena 15 ngati akanangochepetsa kuvulala. Wokwera pamwamba pa matumba a chimanga m'lole, kapena wokwera njinga yamoto ya kabaza ali wachitatu, adziŵe kuti mbali inayo siidzalephera kutchula zimenezo.

Makolo anati mlandu suola, ndipo pa bwalo la anyakwaŵa mawuŵa ngoona: mbuzi imene agogo anakongola, mdzukulu angathe kuilipira. Koma ku bwalo la boma mlandu umaola, ndipo tsiku lake loolera linalembedwa. Lamulo loika malire a nthaŵi limapatsa munthu wovulala chifukwa cha kusasamala kwa wina zaka zitatu zokha zoti asume. Lamulo la zapamsewu la 1997, limene limakakamiza galimoto iriyonse kukhala ndi inshuwaransi yoteteza anthu ena, limalola wovulala kusumira kampani ya inshuwaransiyo mwachindunji, koma mwaŵi umenewo umatha pakapita zaka ziŵiri. Pali zopatula zoŵerengeka, monga za ana aang'ono, koma munthu wamkulu asazidalire.

Zaka ziŵiri zimaoneka zambiri kwa munthu wa miyendo yake. Kwa banja la wovulala msana zimatha ngati madzi a m'dengu. Miyezi yoyamba imathera m'chipatala, onse akungopempha kuti apulumuke. Miyezi yotsatira imathera pa chiyembekezo chakuti miyendo idzuka; abale amapita naye ku mapemphero, ena kwa asing'anga, ndipo kulankhula za loya pa nthaŵi imeneyo kumamveka ngati kuvomereza kuti sadzayendanso. Ena amadikira mlandu wa apolisi, poganiza kuti dalaivala akapezeka wolakwa ndalama zibwera zokha. Sizitero ayi. Mlandu wa apolisi ndi wa boma, ndipo chindapusa chimene dalaivala amalipira chimaloŵa m'thumba la boma. Mlandu wa chipukuta misozi ndi wina, ndipo umayamba pokhapokha wovulalayo atauyambitsa. Pamene banja lidzazindikira zimenezi, mbuzi zimakhala zitagulitsidwa, mboni zitabalalika, ndipo nthaŵi zina tsiku lija litadutsa.

Msampha wina umabwera ndi ulemu wonse. Mwini galimoto amafika kuchipatala kapena kumudzi ndi thumba la ufa, nkhuku ndi envulopu, nagwada, napepesa. Mwambo umenewu ngwabwino ndipo palibe chifukwa choukanira, pakuti wopepesa sathamangitsidwa. Choopsa ndi pepala limene nthaŵi zina limatsagana ndi chipepesocho, lonena kuti wolandirayo wakhutira ndipo sadzafunanso kanthu. Pepala lotere, kaya lachokera kwa mwini galimoto kaya kwa kampani ya inshuwaransi, likasainidwa limavuta kulifafaniza. Ngakhale bwalo lenilenilo limapereka chipukuta misozi kamodzi kokha. Munthu sabwererako patapita zaka zisanu kukanena kuti zilonda zakula ndipo ndalama zatha. Nchifukwa chake nkulakwa kugwirizana za mtengo madokotala asanalembe kukula kwa kupuwalako, ndiponso munthu wodziŵa malamulo asanaŵerenge pepalalo. Amene alibe ndalama ya loya ali ndi kopita: lamulo la 2011 linakhazikitsa bungwe la Legal Aid Bureau kuti liziimira anthu osauka. Amene wasankha loya wolipira afunse poyamba pomwe kuti loyayo adzatengapo zingati, yankho lake lilembedwe, ndipo ndalama zikatuluka aone ndi maso ake chikalata chonena kuchuluka kwake. Madandaulo okhudza maloya ali ndi kokaŵatula, ku Malawi Law Society.

Kunena zoona, ngakhale banja litachita zonse m'nthaŵi yake, zimene limalandira sizifanana ndi zimene lataya. Inshuwaransi iri ndi malire a ndalama zimene kampani ingalipire, ndipo zotsala ziyenera kufunidwa kwa mwini galimoto, amene mwina chuma chake chonse chinali galimoto yophwanyikayo. Lamulo la chipukuta misozi cha antchito la 2000 linaika malipiro a miyezi 54 kwa wantchito amene wapuwala kotheratu. Ubwino wa lamuloli ndi wakuti wantchito safunika kuonetsa kuti bwana wake analakwa. Komabe miyezi 54 ndi zaka zinayi ndi theka, pamene mnyamata wa zaka 25 wogwa pa nsanja angathe kukhala pa njinga zaka 30. Kuchedwa kwa milandu nako kumadya ndalamazo zisanafike. Mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 pa 100 mu May 2022, ndiponso ndi 44 pa 100 mu November 2023, pamene njinga, timapaipi ndi mankhwala ambiri zimagulidwa kunja. Mlandu wa munthu wofa ziŵalo uyenera kuikidwa patsogolo pa mzere, pakuti mwezi uliwonse wodikira umamuika pafupi ndi chilonda chimene chingamuphe.

Nanga wogundidwa ndi njinga yamoto yopanda nambala ndi inshuwaransi, kapena ndi galimoto imene yathaŵa usiku, asumire yani? Maiko ena anayesa kuyankha funso limeneli. Ku Britain makampani a inshuwaransi anakhazikitsa Motor Insurers' Bureau mu 1946 kuti izilipira anthu ovulazidwa ndi madalaivala opanda inshuwaransi. Ku South Africa lamulo la 1996 linakhazikitsa Road Accident Fund, thumba lodzazidwa ndi msonkho wa pa mafuta a galimoto. Thumba la ku South Africa lakumana ndi ngongole zazikulu ndi kuchedwa kulipira, kotero si chinthu chongokopera mmene chiriri. Koma maganizo ake, akuti onse oyendetsa galimoto asonkherane kaamba ka amene msewu waŵapundula, ngoyenera kukambidwa mozama m'Nyumba ya Malamulo, makamaka tsopano pamene njinga zamoto zadzaza m'matauni ndi m'midzi momwe.

Pamene akuluakulu akukambirana zimenezo, pali ntchito imene mnyamata kapena mtsikana wongotsiriza kumene sukulu angaigwire mbale wake akavulala, chifukwa pa banja lodzidzimuka wodziŵa kulemba ndiye amakhala maso a onse. Agule kope. Alembemo nambala ya galimoto, dzina la mwini wake ndi la kampani ya inshuwaransi, maina a mboni ndi kumene zimakhala, ndi polisi imene inalandira nkhaniyo. Akatenge lipoti la apolisi ndi la dokotala, amate malisiti onse, ndipo alembe mawu alionse amene mwini galimoto walonjeza ndi tsiku limene waŵanena. Pa tsamba loyamba, pamwamba penipeni, alembe tsiku, mwezi ndi chaka cha ngoziyo, chifukwa loya akadzatsegula kopelo adzayamba kuŵerenga zaka ziŵiri zija kuchokera pamenepo.