Musatitche aulesi, timvereni kaye

Ife ophunzira a Fomu 4 m'sukulu za CDSS tatopa ndi kumva kuti ana a masiku ano sakonda sukulu. Makolo athu, ndi inu aphunzitsi, tiloleni nafenso tiyankhuleko.

Mayeso a MSCE amene a MANEB amakonza ndi amodzi dziko lonse. Pepala la Chemistry limene adzalembe mnzathu wa kusukulu yogonera komweko, kumene kuli labu, magetsi ndi prepu ya madzulo, ndi lomwelo tidzalembe ife. Komatu ambirife zipangizo za mulabu timangoziona zitajambulidwa pa bolodi. Timadzazigwira koyamba mayeso atayandikira, nthawi zina zobwereka kusukulu ina, manja akunjenjemera. Buku la Biology timalimbirana, wina akapita nalo kwawo enafe tingodikira.

Timanyamuka kusanache, kufika m'kalasi miyendo itatopa kale, m'mimba mulibe kanthu. Pobwerera, atsikana timapeza chitsime, nkhuni ndi mphika zikutidikira, anyamata kudimba kapena ku ganyu. Nthawi yowerenga imapezeka usiku, pa tochi ya foni, tulo tili m'maso. Anzathu amene adathawa mtunda n'kukakhala pa selufu, ufa ukawathera amayamba kuvutitsidwa ndi azibambo a pamsika, ndipo ena sabwereranso m'kalasi.

Koma chimene chimatidula miyendo kwenikweni si njala ayi. Kuti munthu aganiziridwe ku yunivesite ya boma pamafunika makirediti 6, limodzi la Chingerezi. Ngakhale uwapeze, NCHE ikatulutsa mayina, malo a ku UNIMA, MUBAS, LUANAR, MZUNI, KUHeS ndi MUST sakwanira onse oyenera. Tili ndi achimwene athu amene adakhoza bwinobwino, lero akupalasa kabaza. Timakumana nawo m'mawa uliwonse popita kusukulu. Ndiye wina akamati "limbikirani, sukulu ndi tsogolo," mawuwo amatilowa movutikira.

Aphunzitsi, lekani kutchula mayina a olephera pa asembule. Amene wachititsidwa manyazi pagulu mawa lake safunsanso funso. Tiuzeni msanga, tikadali Fomu 3, za makoleji a uphunzitsi, a unamwino ndi a ntchito zamanja a TEVETA, komanso maphunziro amene amafuna, kuti wa mapointi 30 asadzione ngati watha ntchito. Ndipo inu amayi ndi abambo, teremu yotsalayi tichepetsereni ntchito zamadzulo, mutigulireko mabatire a tochi, ndipo lipoti likabwera muyambe mwatifunsa phunziro limene likutivuta musanakalipe.