Chikwama n'chimodzi, abale ndi ambiri

Ulendo wautali uliwonse uli ndi masiku atatu kapena anayi omwe anthu sawajambula kuti aike pa Facebook. Ndi masiku otsiriza aja, pamene ndalama zatsala zowerengeka, zovala zonse zada, ndipo foni yayamba kulira pafupipafupi ndi mauthenga akunyumba. Ine masiku amenewa anandipeza ku Zanzibar, nditatha milungu itatu ndikuzungulira dziko la Tanzania ndi chikwama chimodzi chakumsana, ndikugona m'malo otchipa momwe anthu sikisi amagawana chipinda chimodzi.

Uthenga woyamba unali wa amayi: "Ubwera liti, mwanawe? Ukudya koma?" Kenako azakhali: "Paja kumeneko zitenje n'zotchipa, usandiiwale." Mng'ono wanga ankafuna jezi ya timu ya Simba, pomwe achimwene ankafunsa mtengo wa foni ku Kariakoo, dera la malonda la mumzinda wa Dar es Salaam lomwe amalonda akwathu amalidziwa ngati pakhomo pawo. Kwathu wochokera kuulendo safika chimanjamanja, ndipo mwambo umenewu ndimaulemekeza. Koma mukapanda kusamala, masiku anu otsiriza onse amathera m'mashopu, mukunenerera mitengo ya katundu wa anthu ena, mpaka ndalama yobwerera nayo kulowa m'menemo.

Choncho ndalama zomwe zinatsala ndinazigawa patatu. Gawo loyamba linali la thiransipoti, ndipo ndinalibisa pansi penipeni pa chikwama, chifukwa kuchoka ku Zanzibar kukafika ku Lilongwe si pafupi, aise. Mumakwera boti pafupifupi maola awiri kukafika ku Dar es Salaam. Kuchoka apo ndinasankha sitima ya TAZARA, njanji ya makilomita 1,860 yomwe inamangidwa ndi thandizo la dziko la China pakati pa 1970 ndi 1975, ndipo imakathera ku Kapiri Mposhi ku Zambia. Wakwathu amatsikira ku Mbeya, n'kukwera basi yopita kuchipata cha Kasumulu, kuwoloka mtsinje wa Songwe, kenako Karonga, Mzuzu, mpaka kunyumba. Amenewo ndi masiku atatu a pamsewu, ndipo tsiku lililonse limafuna chakudya chake.

Apa ndikunong'onezeni kanthu: mukamafunsa nthawi yonyamukira basi, mvetsetsani bwino. M'Chiswahili maola amayamba kuwerengedwa m'mamawa dzuwa likamatuluka, moti akati "saa moja asubuhi" akutanthauza 7 koloko m'mawa. Komanso wotchi ya ku Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi poyerekeza ndi yathu.

Gawo lachiwiri linali la mphatso, ndipo lamulo linali limodzi basi: chosakwana m'chikwama sichipita. Pamsika wa Darajani ndinagula timapaketi ta zokometsera tiyi ndi ndiwo, topepuka koma tokwanira khomo lililonse. Zitenje ziwiri, cha amayi ndi cha azakhali, ndinakagula ku Kariakoo pobwerera. Achimwene ndinawauza chilungamo ndisananyamuke: "Pepani achimwene, za foni sizitheka ulendo uno." Ndi bwino munthu akhumudwire pa WhatsApp kusiyana n'kuti akakudikireni padepoti ndi chiyembekezo.

Gawo lachitatu linali langa: tsiku limodzi lathunthu lopanda kugula kanthu ka munthu. Tsikulo ndinapita ku Mkunazini, mkati mwa Stone Town, komwe kuli tchalitchi chachikulu cha Anglican. Chinamangidwa pamalo pomwe panali msika wa akapolo, womwe unatsekedwa m'chaka cha 1873. M'katimo muli mtanda waung'ono wosemedwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo ku Zambia, pomwe anakwirira mtima wa David Livingstone atamwalira chaka chomwecho. Pafupi pomwepo pali tizipinda tapansi, tamdima, toti munthu wamtali sangaimirire bwino.

Kusukulu tinaphunzira za Jumbe wa ku Nkhotakota, ndi momwe anthu ankawolotsedwera nyanja yathu m'zombo, n'kuyendetsedwa wapansi mpaka ku Kilwa, ena n'kudzagulitsidwa kuno ku Zanzibar. Mayeso tinalemba, tinakhoza. Koma kuima pamalopo n'kwina. Njira yomwe ine ndinkaidandaula kuti ndi ya masiku atatu, pa sitima ndi pa basi, anthu akwathu anaiyenda miyezi, ali m'magoli. Ine m'thumba munali tikiti yobwerera ndipo amayi ankandidikira ndi nsima. Iwo kwawo sanakuonenso.

Madzulo ake ndinakhala ku Forodhani, m'mphepete mwa nyanja, ndikumwa msuzi wa urojo, anyamata akudumphira m'madzi kuchokera pakhoma. Kutopa kunalipo ndithu, koma kudandaula za kutalika kwa njira kunali kutatheratu.

Ndikanati tsikuli ndilithere m'mashopu, bwenzi nditabwera ndi nsapato za wina, koma wopanda nkhani yomwe agogo anandifunsa kawiri konse kuti ndiwabwerezere, iwo akuwonjezera zomwe anamva kwa makolo awo. Zokometsera tiyi zija zinatha m'mwezi umodzi, pomwe nkhani ya ku Mkunazini mpaka pano ikukambidwabe pakhomo.

Ndiye inu amene mukukonzekera ulendo wotere, abale agulireni, ndi anu. Koma ndalama yobwerera isakhudzidwe, wofuna zazikulu muuzeni zoona nthawi ilipo, ndipo tsiku limodzi lomaliza mudzisungire nokha. Paja amati kuyenda n'kuona. Musalole kuti masiku otsiriza maso anu angothera pa mitengo ya katundu.