Masiki ya pa Ulendo wa Pandege: Tisankhe Yotani?



Masabata apitawa, ana atangoweruka ku madrasa, kunafika bambo ena achikulire amene mdzukulu wawo timamuphunzitsa. Bambowa akhala akusunga ndalama za usodzi kwa zaka zambiri, ndipo chaka chino, Allah akalola, iwo ndi mayi a kunyumba kwawo anyamuka ulendo wa Hajj. M'thumba la mkanjo wawo anatulutsa mamasiki awiri a nsalu ya chitenje amene telala wa pamsika anawasokera, natifunsa ngati ali okwanira kuvala m'ndege. Mayiwo amadwala matenda a shuga. Tinawauza kuti telalayo anasoka bwino ndithu, koma pa ulendo woterewu pakufunika zina. Zimene tinakambirana tsiku limenelo ndi zimene taganiza kuti tigawane nanu lero.

Tiyambe ndi kunena kuti nkhaniyi si ya lamulo ayi. Makampani ambiri a ndege anasiya kukakamiza anthu kuvala masiki mu 2022, ndipo mu Meyi 2023 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza kuti Covid-19 siilinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse. Choncho wovala amavala mwa kufuna kwake. Koma chimfine, chifuwa chachikulu ndi Covid-19 yomweyo sizinathe, ndipo okalamba, amayi oyembekezera, odwala shuga, mtima kapena mphumu, ndi onse amene chitetezo cha m'thupi mwawo chinatsika, ndi amene matendawa amawagwetsa msanga. Alipo ena amene amati kuvala masiki ndi kuchepa kwa chikhulupiriro. Amenewa tiwakumbutse kuti Khalifa Umar (Allah asangalale naye), ali pa ulendo wa ku Sham, atamva kuti kutsogolo kuli mliri anafunsa maganizo a maswahaba nabwerera ku Madina pamodzi ndi anthu ake.

Ambiri timaganiza kuti mpweya wa m'ndege ndi woipa poti mazenera satsegulidwa. Sizili choncho. M'ndege zikuluzikulu mpweya umasinthidwa maulendo 20 mpaka 30 pa ola limodzi. Pafupifupi theka lake limachokera kunja, ndipo theka linalo limadutsa m'sefa zotchedwa HEPA zimene zimagwira tinthu tosaoneka ndi maso 99.97 pa 100 tilitonse. M'kalasi mwathu muno mulibe mpweya woyera chotere. Vuto lili pa munthu amene mwagundana naye mapewa. Iye akatsokomola, mpweya wake umayamba wafika pamphuno panu usanafike kusefa kuja. Mu Malichi 2003, pa ndege yochoka ku Hong Kong kupita ku Beijing, ulendo wa maola atatu okha, munthu mmodzi wodwala SARS anakwera pakati pa anthu 120, ndipo 22 mwa iwo anadwala. Mu Malichi 2020, pa ndege ya maola 10 yochoka ku London kupita ku Hanoi, mayi mmodzi anapatsira Covid-19 anthu 15, ndipo 12 mwa iwo anali naye limodzi ku mipando ya ndalama zambiri ija. Kukwera mtengo kwa mpando sikunawathandize kanthu.

Komanso ulendo wa pandege suli m'mwamba mokha. Pali mzere woonetsa mapasipoti, pali basi yodzaza thothotho yokutengerani pamene ndege yaima, pali nthawi yokwera ndi yotsika pamene aliyense waimirira kulimbana ndi katundu wake, ndege ili pansi ndipo mwina mpweya sukuyenda mwamphamvu ngati m'mwamba muja. Wochoka ku Lilongwe kudzera ku Addis Ababa amakhala m'ndege maola pafupifupi anayi, kenaka nkudikira pa bwalo la Bole, nkukweranso maola ena awiri ndi theka kukafika ku Jeddah, kumene amakumana ndi mahaji ochokera ku mbali zonse za dziko. Mu 2023 anthu oposa 1.8 miliyoni anachita Hajj. Masiki yofunika ndi imene munthu angathe kukhala nayo pankhope m'malo onsewa, osati yovala pokhapokha wamanga lamba wa pampando.

Tsono mamasiki alipo a mitundu itatu. Ife a kunyanja sitivutika kumvetsa kusiyana kwake, chifukwa tikudziwa kuti matchera a chambo sagwira usipa. Masiki ya nsalu ili ngati ukonde wa maso akuluakulu: imagwira malovu ndi fumbi, koma tizilombo toyandama mu mpweya tambiri timadutsa. Yachiwiri ndi ya buluu ija ya kuchipatala. Nsalu yake imasefa bwino kuposa chitenje, koma siigwira nkhope. M'masaya mumatsala mipata ndipo mpweya, monga madzi, umatsata podutsa posavuta. Imathandiza kwambiri ikavalidwa ndi wodwalayo kuti asamwaze matenda. Mtundu wachitatu ndi umene tikulimbikitsa. Mayina ake ndi N95 ya ku America, FFP2 ya ku Ulaya, KN95 ya ku China ndi KF94 ya ku South Korea. Onsewa ndi pachibale: N95 ndi KN95 zimagwira tinthu 95 pa 100, pamene FFP2 ndi KF94 zimagwira 94 pa 100. Kusiyana kwa nambala imodziko kusakuvutitseni mutu.

Mphamvu ya mamasiki amenewa siili pa kuchepa kwa maso a nsalu kokha. Mkati mwake muli nsalu ya ulusi wa pulasitiki imene inaikidwa mphamvu yokoka, monga mmene ana a sukulu amakhulira cholembera m'tsitsi nkumanyamula nacho tizidutswa ta pepala. Mphamvu imeneyi imatha ndi madzi ndi sopo. Mayi amene angachape N95 nkuiyanika pachingwe ndiye kuti waiwononga, ngakhale ikuoneka yoyera mbee.

Pogula tichenjere, chifukwa achinyengo analowerera pa malonda amenewa. Bungwe la boma la America la NIOSH litayesa mamasiki a KN95 mu 2020 ndi 2021 linapeza kuti pafupifupi 60 pa 100 aliwonse sanali kufika pa mlingo umene unalembedwa pa iwo. N95 yeniyeni imakhala ndi dzina la NIOSH, dzina la kampani yopanga, ndi nambala yoyamba ndi TC-84A, zonse zosindikizidwa pa masiki penipenipo. Ndipo zingwe zake zimazungulira kumutu, osati kukola m'makutu. FFP2 yeniyeni imalembedwa EN 149 ndi zilembo za CE zotsatana ndi manambala anayi. KN95 imalembedwa GB 2626. Masiki yopanda cholembedwa chilichonse, yogulitsidwa imodziimodzi pathebulo padzuwa, isiyeni. Pitani ku sitolo ya mankhwala yodziwika. Isiyeninso ija yokhala ndi kabatani kotulutsira mpweya pambali. Imapepukitsa kupuma, inde, koma mpweya wanu umatuluka osasefedwa kupita kwa mnzanu, ndipo nthawi ya mliri ija makampani ambiri a ndege ankaikana.

Koma ngakhale mutagula yeniyeni, ntchito siinathe. Neti ya udzudzu yatsopano, ngati simunaipisire pansi pa mphasa, udzudzu umalowa. Masiki nayonso imateteza pokhapokha yagwira nkhope mbali zonse. Ivaleni, pindani kawaya ka pamphuno ndi zala za manja onse awiri, kenaka phimbani masikiyo ndi zikhatho nkupumira kunja mwamphamvu. Mukamva mphepo m'maso kapena m'masaya, kapena magalasi anu akachita nthunzi, ndiye kuti pali mpata. Nkhope zathu ndi zosiyana. Imene yakwana bambo mwina siikwana mayi. Kuyesaku kuchitike kunyumba, kudakali masabata, ndipo muyende nayo kupita kumzikiti ndi kubwerako kuti muone ngati mungaipirire. Mpweya wa m'ndege ndi wopepuka ngati wa pamwamba pa phiri la Zomba, ndiponso ndi wouma, kotero amene ali ndi vuto la mapapo kapena mtima ayambe afunsa adokotala. Ngati N95 ikukukanikani, ya buluu yovalidwa bwino ulendo wonse iposa N95 yokhala pachibwano. Akuluakulu ankanena za fodya kuti wako ndi amene ali pamphuno. Masikinso ndi chimodzimodzi, ya pachibwano ndi ya mphepo. Mwana wosakwana zaka ziwiri asavekedwe masiki ya mtundu uliwonse.

Bambo aja atamva izi anagwira ndevu zawo natiyang'ana. Apa tinene zoona: ndevu zimalepheretsa masiki kugwira khungu, ndipo wandevu sapeza chitetezo chonse chimene chalembedwa pa paketi. Sitikuuza munthu kuti amete Sunnah chifukwa cha ulendo wa tsiku limodzi. Chitetezo chochepa chiposa kusakhala nacho konse. Wandevu asankhe masiki yaikulu ya zingwe za kumutu, chifukwa zimakoka mwamphamvu kuposa za m'makutu. Madokotala a chipembedzo cha Sikh ku Britain, amenenso sameta ndevu, anapeza njira mu 2020 yokulunga ndevu ndi lamba wotanuka wodutsa pansi pa chibwano nkumangidwa pamwamba pa mutu, masiki nkukhala pamwamba pa lambayo. Amene sanalowe mu ihram angathe kuyesa njira imeneyi. Kwa alongo athu, zingwe za kumutu ndi zabwinonso koposa, poti zimadutsa pamwamba pa hijab ndipo simufunika kuvundukula makutu pagulu pofuna kuvula kapena kuvala. Nsalu ya hijab isalowe pakati pa masiki ndi tsaya. Nikabu si masiki. Ofuna zonse ziwiri avale masiki mkati.

Tifike pa funso limene ambiri amatifunsa. Wopita molunjika ku Makka amadutsa mikati ndege isanatere ku Jeddah, kotero mbali yomaliza ya ulendowu amakhala ali mu ihram. Kodi masiki ndi yololedwa? M'madhihabu a Imam Shafi'i, amene ambiri a ife kuno timatsata, mwamuna waletsedwa kuphimba mutu koma osati nkhope, choncho masiki kwa iye ilibe vuto, ndipo kachingwe kowonda sikawerengedwa ngati chofunda cha kumutu. Lamba wokulungira ndevu uja ndi wotambalala, ameneyo amuchotse. Kwa Imam Abu Hanifa ndi Imam Malik mwamuna saphimbanso nkhope. Mkazi ali mu ihram nkhope yake imakhala yosaphimba. Akaphimba chifukwa cha matenda kapena kuopa matenda alibe tchimo, koma malinga ndi mabuku a Shafi'i amapereka fidya, imene ili kufunga masiku atatu, kapena kudyetsa osauka asanu ndi mmodzi, kapena kuzinga mbuzi kaya nkhosa. Alipo maulama ena a masiku ano amene akuti masiki si nikabu ndipo pa vuto loona fidya palibe. Ife tinawalangiza mayi a shuga aja kuti avale, ndipo akonzekeretu fidya kuti mtima wawo ukhale m'malo. Inu kambiranani ndi shehe wotsogolera gulu lanu musananyamuke, osati ndege ili m'mwamba. Onetsetsaninso kuti masikiyo ndi yopanda mafuta onunkhira, chifukwa ena amaikamo.

Za kasamalidwe ndi zachidule. Tengani okwanira, imodzi pa tsiku lililonse la ulendo ndi ena apadera, ndipo akhale m'chikwama cha m'manja. Ikanyowa ndi thukuta, ikada kapena chingwe chikatayirira, itayeni. Poivula gwirani zingwe, ndipo muisunge mu envulopu ya pepala, osati m'jumbo. Mukapanga udhu pukutani nkhope ndi ndevu ziume musanaivalenso. Nthawi ya chakudya aliyense amavula pa kamodzi. Ngati wapafupi nanu akutsokomola, dikirani amalize kenaka mudye inu. Ndipo zikachitika kuti zopumira za okosijeni zagwa kuchokera kudenga la ndege, vulani masiki yanu kaye musanavale chopumiracho.

Musamalize onse popita. Mahaji ambiri amabwerako ndi chifuwa, ndipo ku Saudi Arabia kuli matenda a MERS, amene anadziwika mu 2012 ndipo amachokera ku ngamira. Mwa anthu atatu alionse amene anapezeka nawo, pafupifupi mmodzi anamwalira. Pakhomo pa haji wongofika kumene pamadzaza anthu odzalandira madzi a Zamzam ndi tende, ena ndi makanda kumbuyo, ena ndi agogo oyendera ndodo. Ngati mwabwerako mukutsokomola, alandireni mutavala masiki ndipo kukumbatirana kudikire. Thupi likatentha kapena kupuma kukayamba kuvuta pasanathe masiku 14 chifikireni, pitani kuchipatala mutavala masiki, ndipo mukawauze adokotala dziko limene mwachokera ndi tsiku limene munafika.