Sukulu yonse ija kukathera pa zidole?

Pali funso limene achibale amafunsa ndi nkhope ya pamaliro: "Sukulu yonse ija, mwana wakathera kujambula zidole?" Amatero akamva kuti wina amene anali ndi malo ake mu labotale wasiya maikulosikopu n'kuyamba kujambula za sayansi pa kompyuta. Mlembi wa danga lino akalimva funsoli amapsa mtima, ndipo lero walephera kuugwira.

Ofunsawo ayenera kuti sanamvepo za Drew Berry. Mkuluyu anaphunzira za maselo pa yunivesite ya Melbourne ku Australia, koma ntchito yake ku Walter and Eliza Hall Institute ndi kupanga makanema oonetsa zochitika m'thupi. Kanema wake wa malungo ndi woti aliyense wogona m'neti auone. Udzudzu ukulasa khungu, tizilombo tikulowa pamodzi ndi malovu ake n'kuyenda ndi magazi mpaka kuchiwindi. Kumeneko tikuswana mwakachetechete, munthu ali phee osadziwa kanthu. Kenako tikutuluka chigulu, kulowa m'maselo ofiira a magazi ndi kuwaphulitsa, ndipo apa mpamene wodwala amayamba kunjenjemera dzuwa likuswa mtengo. Mu 2010 Berry analandira mphoto ya MacArthur chifukwa cha "zidole" zomwezi.

Akuluakulu anati chaona maso mtima suiwala. Ndani angatsutse?

Komatu phindu silili kwa oonera okha. Janet Iwasa anatenga digiri ya PhD ku University of California, San Francisco mu 2006, n'kukaphunzira luso la makanema pasukulu ya Gnomon ku Hollywood. Ku yunivesite ya Utah anapanga kanema wa momwe kachilombo ka HIV kamalowera mu selo, kuswana ndi kutulukamo. M'pepala la kafukufuku wasayansi akhoza kungolemba kuti puloteni iyi imagwira inzake, n'kupitirira. Wojambula alibe pothawira. Ikugwira mbali iti? Zilipo zingati? Yayamba kusuntha ndi iti? Mafunso otere amaulula zimene ochita kafukufukuwo anali asanazifufuze, ndipo amawabweza ku labotale. Munthu wofunsa zotere wasiya sayansi pati?

Winanso ndi Hans Rosling wa ku Sweden, amene anali dokotala ku Nacala, kwa anansi athu ku Mozambique, kuyambira 1979 mpaka 1981. Anatha zaka zambiri akufufuza konzo, nthenda yopuwalitsa miyendo imene imagwira anthu odya chinangwa chowawa chosaviika mokwanira panthawi ya njala. Koma dziko linamudziwa atayambitsa bungwe la Gapminder mu 2005, pamodzi ndi mwana wake Ola ndi mpongozi wake Anna. Anasandutsa ziwerengero zogonetsa tulo kukhala timipira tamitundumitundu toyenda pa sikirini, kampira kalikonse kakuimira dziko, anthu n'kumaona ndi maso imfa za ana zikutsika chaka ndi chaka.

Izi zikudzutsa dandaulo lakale la danga lino. Kwathu kuno akafukufuku safunsa njira: amafika pa galimoto zoyera, amayeza ana, amatenga magazi, amadzaza mafomu, amayi n'kudinda chala. Zotsatira zake zimakatuluka m'Chingerezi cholimba, m'magazini a sayansi amene ngakhale mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo sadzawaona. Zikachitika mwamwayi, pamakhala chipepala chokhomedwa pa msonkhano, zilembo zake zing'onozing'ono zofuna magalasi. Mayi amene anadinda chala uja amangomva kuti kafukufuku anatha.

Chonsecho achinyamata odziwa zonse ziwiri, sayansi ndi kujambula, alipo. M'kalasi iliyonse ya bayoloje mumakhala mmodzi amene kope lake limayenda m'manja mwa anzake chifukwa mtima ndi impso anazijambula bwino kuposa za m'buku. Ameneyo amauzidwa kuti asiye masewera, alimbikire udokotala. Akalimba mtima n'kusankha zojambula, amakapeza kuti pa bajeti ya kafukufuku pali mafuta a galimoto, maalawansi, ndi msonkhano wa masiku angapo ku hotela ya kunyanja. Wojambula amakumbukiridwa kutatsala sabata imodzi kuti lipoti liperekedwe, ndipo amapemphedwa kuti angothandizako, ndalama inatha.