Mapanga awiri avumbwitsa

Mawu a lero: 2 Mafumu 5:20-27, Luka 12:1-3

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ambiri a ife tikagula foni yatsopano timapemphedwa kulemba imelo yathu ndi mawu achinsinsi mu Chrome, Firefox kapena pulogalamu ina yotsegulira masamba a pa intaneti. Timavomera msanga pakuti phindu lake ndi looneka. Tikalola kuti zipangizo zathu zilunzanitsidwe, masamba amene tinasunga, mndandanda wa malo amene tinayendera pa intaneti ndiponso mawu athu achinsinsi zimasungidwa ku makompyuta a kampaniyo. Kuchokera kumeneko zimafika pa chipangizo chilichonse chimene talowapo ndi dzina lomwelo. Foni ikabedwa pa depoti, zinthuzi sizipita nayo. Mlaliki amene anayamba kuwerenga phunziro pa laputopu amakalitsiriza pa foni ali mu minibasi. Nzeru zotere tiyenera kuyamika nazo Mulungu.

Komatu makinawa sasankha katundu. Amanyamula tsamba la Baibulo ndi tsamba la juga mofanana. Chimene bambo anatsegula pa foni pakati pa usiku chikhoza kuonekera m'mawa pa laputopu ya pabalaza, pamene mwana akufufuza za ntchito ya kusukulu. Palibe amene waulula. Dzina limodzi lija ndi limene lagwirizanitsa zimene mwini wake ankayesa kuti wazilekanitsa.

Nkhaniyi ikutikumbutsa za Gehazi, mnyamata wa Elisa. Namani atachira khate, mneneri anakana mphatso zake. Gehazi anathamangira galeta la Namani, nanena bodza m'dzina la mbuye wake, ndipo analandira matalente awiri a siliva ndi zovala ziwiri. Atazibisa m'nyumba anakaima pamaso pa Elisa ngati munthu amene sanachoke pakhomo. Koma za kumsewu zinali zitafika kale kunyumba. Gehazi anafuna kukhala anthu awiri, mtumiki wa Mulungu pakhomo ndi wamalonda panjira. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo iye anatuluka m'nyumbamo ali ndi khate la Namani.

Pano tisiyanitse bwino zinthu ziwiri, chinsinsi ndi chinyengo. Chinsinsi ndi ufulu wa munthu. Mu September 2018 kampani ya Google inatulutsa Chrome 69, imene inkalowetsa munthu mu pulogalamuyo yokha akangotsegula Gmail. Anthu anadandaula kuti sanafunsidwe, ndipo mwezi wotsatira, mu Chrome 70, kampaniyo inaika poti munthu akanire zimenezi. Odandaulawo ankalondola. Mawu achinsinsi a ku banki, nkhani za matenda athu ndi makalata a mpingo si za aliyense. Mkhristu amene amazisamala akuchita udindo wa kapitao wokhulupirika.

N'chifukwa chake tikulangizana kuti tisalowe ndi dzina lathu pa kompyuta yobwereka, ya ku ofesi ya mpingo kapena ya malo olipiritsa intaneti. Tikatero timakhala tasiya makiyi onse a nyumba pa khonde la eni ake. Ngati talowa kale, titulukemo ndi kufufuta zonse zathu zimene zatsalira pa makinawo. Tizionanso mu akaunti yathu mndandanda wa zipangizo zimene zikugwiritsa ntchito dzina lathu, ndi kuchotsa zimene tinagulitsa kapena kutaya. Ana apatsidwe mbali yawoyawo pa kompyuta ya banja. Izi ndi nzeru, ndipo palibe tchimo pamenepa.

Chinyengo ndi china. Ndicho kusunga moyo wachiwiri umene mkazi, mwamuna kapena mpingo suyenera kuudziwa. Ena amathawira ku Incognito, chifukwa zimene atsegula kumeneko sizilembedwa mu mndandanda wa pa foni. Koma amene amatipatsa intaneti ndiponso eni masambawo amaonabe. Mu 2024 Google inavomera kufufuta zolembedwa mabiliyoni ambiri pofuna kuthetsa mlandu wa ku America wokhudza anthu amene ankayesa kuti abisala mwa njira imeneyi. Ngati chophimba cha anthu chili chobooka chonchi, nanga pamaso pa Mulungu tidzafunda chiyani? Mu Luka 12 Ambuye Yesu akutcha chinyengo chofufumitsa cha Afarisi, ndipo akuchenjeza kuti zonong'onezana kuchipinda zili ndi tsiku lake lomveka poyera.

Wina anganene kuti mankhwala ake ndi kufufuzana mafoni m'banja. Ife sitikuganiza choncho. Nyumba imene mwamuna ndi mkazi asanduka apolisi yatha kale mtendere, ndipo wachinyengo amangogula foni yachiwiri. Elisa anayamba ndi funso, kumupatsa Gehazi mpata wonena zoona. Mpata umenewo ndi umene mnyamatayo anataya. Ngati makina atiululira za mnzathu, tiyambe ndi kukambirana, ndipo zikavuta tiitane ankhoswe kapena akulu ampingo. Ngati ndife amene tili ndi chobisa, ndi bwino mnzathu amve kuchokera pakamwa pathu lero kusiyana ndi kuti achipeze pa laputopu mawa. Kulapa kumatsegula khomo la chikhululuko, pamene kugwidwa kumasiya bala lovuta kupola.

Tsono sabata ino tidzifunse: zonse zimene zili pansi pa dzina lathu zitaonekera pa chipangizo cha pabalaza, kodi tingadye nsima ndi ana athu momasuka? Pa ubatizo tinalandira dzina limodzi. Likhale lomwelo pa guwa, ku msika ndi pa foni usiku.

Tipemphere: Atate, mumadziwa mayendedwe athu onse. Tipatseni nzeru zosamala zimene mwatisungitsa, ndi mtima umodzi wosasowa pobisala. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.