Kamera yopanda batire ndi chidole chabe

Eni mashopu ndi malo ogona alendo pa Mangochi boma, ku Monkey Bay ndi ku Cape Maclear ayamba kuthamangira makamera a CCTV. Koma ambiri akumangofunsa mtengo, osafunsa chomwe chimayendetsa kamerayo.

Wakuba amakonda mdima, ndipo magetsi a ESCOM akathima, kamera ndi rauta ya Wi-Fi zimathimanso. Choncho ndalama yoyamba ipite ku batire kapena sola, kamera ibwere pambuyo.

Yoyenera kugula ndi yokhala ndi memori khadi, chifukwa imajambulabe netiweki ya Airtel kapena TNM ikagwa. Yodalira intaneti yokha imangodya bandulo. Yoika panja ikhale ya IP66, yopirira mvula ndi fumbi.

Kamera ikakana kulumikizana ndi rauta si kuti yafa ayi: zambiri zotchipa zimagwira pa 2.4GHz basi, osati 5GHz. Zithunzi zikamatuluka zachimbuuzi usiku, kawirikawiri amakhala kangaude atatchinga diso lake.

Woika kamera akangochoka, mwini shopu asinthe pasiwedi tsiku lomwelo. Kupanda kutero, makiyi a sitolo ali m'thumba mwa munthu wina.