Amene akufuna kumvetsa matenda a m'tauni ayambire ku Uliwa

Nkhani ya kafukufuku wa zaumoyo ikabuka, kaya pawailesi kaya m'minibasi, mawu ake amakhala omwe aja. Ena amati ofufuza amangobwera kudzatenga magazi a anthu osauka n'kukapezera madigiri kwawo. Ena, makamaka ophunzira a m'tauni, amati matenda a masiku ano ndi shuga ndi BP, matenda a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndiye ndalama za kafukufuku zisamathere kumidzi ya kunyanja. Chimene chimandiwawa n'choti magulu onse awiriwa amalankhula osayang'anako zomwe zakhala zikuchitika ku Uliwa ndi midzi yozungulira Chilumba kuyambira 1979. Ine ndikuti kafukufuku ameneyu apitirire, ndipo amene amadera nkhawa umoyo wa anthu a m'mizinda ndiwo ayenera kukhala patsogolo kumuteteza.

Ntchitoyi inayamba ndi khate. Bungwe la LEPRA linapereka ndalama, ndipo Jörg Pönnighaus ndi Paul Fine wa ku London School of Hygiene and Tropical Medicine anatsogolera kalembera wa boma lonse la Karonga. Ogwira ntchito ankayenda khomo ndi khomo, kulemba mayina ndi kuyang'ana mawanga pakhungu. Pakati pa 1986 ndi 1989 anthu oposa 120,000 analowa nawo m'kafukufuku woyesa katemera. Zotsatira zake zinatuluka mu 1996 m'magazini ya The Lancet: kubaya katemera wa BCG kachiwiri kunachepetsa khate ndi theka, koma sikunateteze anthu ku chifuwa chachikulu cha m'mapapo. Katemera ameneyu ndi yemwe uja anatisiyira chipsera paphewa. Dziko losauka likadziwa zomwe katemera angachite ndi zomwe sangachite, silitaya ndalama pa njira yosathandiza, ndipo amene anaphunzitsa dziko lonse lapansi zimenezi ndi alimi a mpunga ndi asodzi a usipa a ku Karonga.

Nanga magazi aja anapita kuti? Ankatengedwa pachala, kadontho kake n'kuumitsidwa papepala, pepalalo n'kusungidwa. Patapita zaka, mapepalawo atayezedwanso, anaonetsa kuti kachilombo ka HIV kanali kale ku Karonga mu 1982, zaka zitatu dziko lino lisanalengeze wodwala Edzi woyamba mu 1985. Apa odandaula ali ndi mfundo, ndipo sindiikana. Munthu amene anapereka chala chake chifukwa cha khate sanadziwe kuti magazi ake adzafotokoza mbiri ya matenda ena, ndipo panalibe akanamuuza, poti kachilomboko kanali kasanadziwike n'komwe. Funso la mwini wake wa magazi osungidwa ndi funso lenileni, ndipo n'chifukwa chake makomiti monga NHSRC ndi COMREC amayenera kuona kaye kafukufuku aliyense asanayambe. Koma funso limeneli n'losiyana kutalitali ndi mphekesera za anamapopa, zomwe mu 2017 zinaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo. Kuphatikiza ziwirizi n'kumene kumaononga mkangano wonse.

Chimene ndimachilemekeza kwambiri chinayamba mu 2002. Anthu onse a m'dera lozungulira Chilumba, Uliwa ali momwemo, oposa 30,000, analembedwa m'kaundula, ndipo kaundulayo sanatsekedwe mpaka lero. M'mudzi uliwonse muli munthu wa pamudzi pomwepo amene mwezi ndi mwezi amanena za mwana wobadwa ndi za maliro amene achitika. Maliro akatha, wogwira ntchito amapita kukakhala pansi ndi amene ankadwazika, n'kufunsa mwaulemu kuti malemuwo anatsokomola nthawi yaitali bwanji, anaonda kapena ayi, miyendo inatupa kapena ayi, anafika kuchipatala kapena anathera panyumba. Madokotala amawerenga mayankhowo n'kulemba chomwe chinapha munthuyo. M'madera ambiri a Malawi munthu akamwalirira pakhomo, imfa yake siilowa m'buku lililonse la zaumoyo. Kuno imalowa.

Phindu lake linaoneka msanga. Mu June 2005 chipatala cha boma cha Karonga chinayamba kupereka ma ARV aulere. Nthawi imeneyo kunali akatswiri ena kunja amene ankakayika ngati mankhwalawa angagwire ntchito kumudzi kwa anthu osauka. Kaundula uja anayankha mu 2008: m'miyezi isanu ndi itatu yokha, imfa za anthu akuluakulu okhala kufupi ndi msewu wa tala zinatsika ndi 35 pa 100 zilizonse. Kwa okhala kutali ndi msewu zinthu sizinasinthe chotero. Chipatalacho chinali pamtunda wa makilomita pafupifupi 70, ndipo amene ankatha kukwera minibasi pa M1 ndi amene ankapulumuka. Umboni wotere ndi umene umakakamiza boma kuti lifikitse mankhwala kufupi ndi anthu, ndipo sukanapezeka pakanapanda wina wowerenga maliro zaka za m'mbuyo mankhwalawo asanabwere.

Tsopano kwa anzanga a m'tauni. Bungwe lochita kafukufukuyu, lomwe lero limatchedwa MEIRU, silinakhale ku Chilumba kokha. Linatsegula ntchito ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe, ndipo pakati pa 2013 ndi 2016 linayeza anthu akuluakulu pafupifupi 29,000 m'madera awiriwa: sikelo, msinkhu, BP ndi shuga. Pa kunenepa, tauni ndi mudzi zinasiyanadi. Amayi 44 mwa 100 aliwonse ku Area 25 anali olemera kupitirira muyezo, pomwe ku Karonga anali 27. Koma taonani za BP. Amayi 14 mwa 100 aliwonse anapezeka nayo kumudzi, ndipo m'tauni chimodzimodzi. Mwa onse amene anapezeka ndi BP, oposa theka sankadziwa kuti ali nayo.

Ndiye mawu oti BP ndi matenda a mabwana oyenda pagalimoto agwera pati? Ofufuza akanangoyeza ku Area 25 kokha, tikanaimba mlandu chipisi, zakumwa zotsekemera ndi mpando wa muofesi, n'kutsekera nkhani pomwepo. Mayi wolima chinangwa, woyenda wapansi tsiku lonse, tikanamuiwala mpaka tsiku lomwe wafa ziwalo mbali imodzi, abale n'kuyamba kulozana zala kuti walodzedwa. Tauni imadziwika bwino ukaiyerekeza ndi mudzi. Komanso kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi 16 okha mwa 100 aliwonse ndi amene amakhala m'mizinda, ndipo ambiri a iwo kwawo n'kumudzi, kumene amabwerera akadwala kapena akapuma pantchito. Malo ngati Uliwa, pomwe pali msika, magolosale, akabaza ndi magalimoto opita kumalire a Songwe, ndi pomwe moyo wa m'tauni umayambira kulowa m'mudzi. Wofuna kuona momwe kadyedwe ndi kakhalidwe zimasinthira, kuti aone kusinthako kukuchitika, apite pamalo otere.

Pali chinanso chimene otsutsa sanena, choti kafukufuku wabwino amabweretsanso uthenga wosakoma kwa omwe anapereka ndalama. Mabungwe ambiri ankakhulupirira kuti mbaula zosatulutsa utsi wambiri zichepetsa chibayo mwa ana. Zinayesedwa ku Chilumba ndi ku Chikwawa pa ana oposa 10,000 osakwana zaka zisanu, ndipo chibayo sichinachepe. Zotsatirazo zinasindikizidwa momwemo. Anthu ongofuna kusangalatsa owalipira sakanatulutsa zimenezo.

Dandaulo limene ndimalimva ndi mtima wonse ndi lina. Mayi akamangidwa lamba pamkono, makina n'kuonetsa kuti BP yakwera, amapatsidwa kalata yopita nayo kuchipatala. Akafika kumeneko n'kuuzidwa kuti mankhwala atha, akagule, wapindula chiyani? Wabwerera kunyumba ndi dzina la matenda ndi nkhawa basi. Izi zimachitika m'zipatala zambiri za dziko lino, ndipo n'zomveka kuti anthu atope ndi mafunso a chaka ndi chaka. N'zoonanso kuti zotsatira zimalembedwa m'Chingerezi, m'magazini omwe munthu wa ku Uliwa sadzawaona, ndiponso kuti ndalama zambiri zachokera kunja, ku mabungwe monga Wellcome Trust, choncho mawu omaliza osankha chofufuza sakhala athu nthawi zonse. Zinthu zikusintha, poti Mmalawi, Pulofesa Moffat Nyirenda, anatsogolerapo MEIRU, koma zikusintha pang'onopang'ono kwambiri.

Komabe onani kumene dandauloli likuloza. Mankhwala a BP akasowa pashelefu, wolakwa si amene anayeza. Kuletsa kuyeza sikudzaza shelefu, kumangochititsa kuti kusowako kusadziwike. Mkwiyo wathu upite kumene bajeti ya zaumoyo imakonzedwa, ku Capital Hill ndi ku Nyumba ya Malamulo. Aphungu a ku Karonga ali ndi mwayi umene aphungu ena alibe: ziwerengero za anthu awo, zosonkhanitsidwa kwa zaka zoposa 40. Azinyamule akamapita kukakambirana bajeti. Ndipo ofufuzawo, pa kafukufuku aliyense amene watha, aziitanitsa msonkhano pa Uliwa, mafumu a kwa Wasambo ndi alangizi a zaumoyo alipo, n'kufotokoza m'Chitumbuka zomwe apeza, zomwe sanapeze, ndi kumene magazi otsala asungidwa, zotsatirazo zisanatumizidwe ku London.